PDF, kanema kapena Markdown: malangizo a pulogalamu alembedwe motani?

Munthu akapanga pulogalamu ya pafoni yoti mlembi wa kopaletivi ya alimi a mbatata ya kachewere ku Bembeke azilemberamo matumba amene alowa ndi amene agulitsidwa, ntchito imene imatsala ndi yolemba malangizo a kagwiritsidwe ntchito kake, ndipo apa pali njira zitatu zimene zimalimbirana malo.

Ambiri amathamangira PDF, mtundu wa fayilo umene kampani ya Adobe inatulutsa mu 1993. Malangizowo amalembedwa mu Word kapena LibreOffice, n'kuikamo zithunzi za sikirini zokhala ndi mivi yoloza batani loyenera kudina. Ubwino wake ndi wosakayikitsa, chifukwa fayiloyo imatseguka popanda netiweki, ndipo itha kusindikizidwa pa boma la Dedza n'kusungidwa m'kabati ya ofesi. Vuto limabwera pulogalamu ikasintha. Batani limene linali m'munsi likasamutsidwira pamwamba, mlembi amayang'ana pepala, kenako foni, n'kuganiza kuti walakwitsa ndi iyeyo, pamene fayilo yakaleyo ikupitirizabe kutumizidwa m'magulu a WhatsApp ndipo palibe angaibweze.

Kanema wamfupi amathandiza amene kuwerenga kumawavuta, popeza amaona chala chikudina pamalo pake, koma amadya bandulo, sasakika munthu akafuna sitepe imodzi yokha, ndipo kukonza mawu amodzi kumafuna kujambulanso.

Markdown, imene John Gruber anayambitsa mu 2004, ndi kalembedwe ka mawu wamba okhala ndi zizindikiro zochepa: chizindikiro cha # chimapanga mutu, ndipo nyenyezi ziwiri mbali zonse za mawu zimawachititsa kukhala akuda kwambiri kuti dzina la batani lioneke msanga. Popeza fayiloyo ndi ya mawu okhaokha, imasungidwa mu Git, chida chosunga mbiri ya zonse zimene zasinthidwa m'mafayilo, pamodzi ndi pulogalamu yeniyeniyo, kotero wosintha batani angathe kukonza malangizo tsiku lomwelo, ndipo zimaoneka kuti mzere wakutiwakuti unasinthidwa liti komanso ndi ndani. Kuchokera pa fayilo imodziyo, chida chotchedwa MkDocs chimapanga masamba a pa intaneti pamene china chotchedwa Pandoc chimatulutsa PDF. Kunena zoona, Git imazunguza mutu masiku oyamba, ndipo masamba a pa intaneti sathandiza kwenikweni kumidzi ya kutali ndi msewu wa M1 kumene netiweki imabwera mwa apo ndi apo.

Ine ndimalimbikitsa kulemba mu Markdown koma kugawa PDF, patsamba loyamba patalembedwa tsiku ndi nambala ya pulogalamu imene malangizowo akunena, kuti mlembi athe kuyerekeza ndi nambala imene ili m'foni mwake. Kanema asungidwire zinthu zovuta kufotokoza m'mawu, monga kulumikiza foni ndi makina osindikizira malisiti. Koma ngati pulogalamuyo imatha chaka osasintha ndipo wolemba malangizo ndi mmodzi yekha, Word ndi yokwanira.