Durban kapena Gqeberha: kuunika mipikisano iwiri ya Ironman kwa wokonzekera ali ku Kasungu

Munthu wa ku Kasungu amene wafika poganiza zochita triathlon (mpikisano wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga motsatizana) yaitali koyamba amakopeka ndi mipikisano iwiri ya kampani ya Ironman ku South Africa. Wa ku Durban ndi wa theka, umene amautcha 70.3: kusambira makilomita 1.9, kupalasa njinga makilomita 90, kenako kuthamanga makilomita 21.1. Wa ku Gqeberha, mzinda umene kale unkatchedwa Port Elizabeth, ndi wathunthu: makilomita 3.8 m'madzi, 180 panjinga ndi 42.2 apansi, onse pamodzi 226 tsiku limodzi. Ndalama yolembetsera ndi yambiri, imalipidwa m'marandi, ndipo mukasintha maganizo sibwerera yonse. Ndi katundu wofunika kumutembenuza bwino musanatulutse ndalama.

Maganizo athu tiwanene poyambirira. Woyamba apite ku Durban, ndipo chifukwa chachikulu si kufupika kwa mtunda ayi. Ndi madzi, komanso mwezi umene mpikisanowo umachitika.

Tiyambe ndi madziwo, popeza ndi pamene munthu wa kuno amavutikira. Miyendo yopalasa ilipo yambiri ku Kasungu, aliyense amene waona akabaza akukwera ndi matumba a chimanga angavomereze. Othamanganso alipo. Koma malo osambira mtunda wautali palibe. Damu la Lifupa mu Kasungu National Park muli mvuu, mtsinje wa Bua uli ndi ng'ona, ndipo madzi odikha a m'madambo ndi kwawo kwa likodzo. Chotsala ndi dziwe losambirira la ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 130 pa M1, kapena nyanja ku Nkhotakota ndi ku Senga Bay, komweko mutafunsa asodzi malo opanda ng'ona ndi mvuu. Mu dziwe la mamita 25, mtunda wa ku Durban ndi maulendo 76 kuchoka mbali ina kufika ina. Wa ku Gqeberha ndi maulendo 152. Amene amafika ku dziwe kawiri kapena katatu pa mwezi akhoza kumanga mphamvu ya maulendo 76 m'miyezi ingapo. Ya 152 imafuna kulowa m'madzi katatu pa sabata kwa nthawi yaitali, ndipo apa ndi pamene ambiri amadzinamiza.

Malire a nthawi amaoneka ofanana koma sali choncho. Kawirikawiri Ironman imapereka ola limodzi ndi mphindi 10 kuti musambire mtunda wa theka, ndi maola awiri ndi mphindi 20 pa wathunthu. Zonsezi zikutanthauza mphindi zitatu ndi masekondi 41 pa mamita 100 alionse. Kusiyana kwake n'kwakuti wosambira wosazolowera amayamba bwino kenako kakokedwe ka manja kamasokonekera akatha mphindi 40, miyendo imamira, mpweya umaperewera. Pa theka amakhala atayandikira gombe. Pa wathunthu amakhala asanafike ndi pakati pomwe.

Ndipo m'malo onse awiriwa mumasambira m'nyanja ya mchere, ya Indian Ocean. Madzi amchere amanyamula thupi kuposa a m'nyanja yathu, chimenechi ndi chabwino. Choipa chake n'chakuti mukamwa makapu awiri mwangozi mumachita nseru, ndipo nseruyo imakutsatirani panjinga mpaka kulephera kudya. Ku Durban vuto lenileni ndi mafunde oswekera kugombe. Polowa muyenera kumira pansi pa funde lililonse m'malo molimbana nalo ndi chifuwa, ndipo potuluka muziyang'ana kumbuyo kuti lisakugubuduzeni. Ichi ndi chilema chachikulu cha mpikisano umenewu ndipo sitikubisa: nyanja ikakwiya okonza amafupikitsa gawo losambira kapena kulichotseratu, ndipo ndalama sabweza pa chifukwa chimenecho. Ku Gqeberha amasambira pa Hobie Beach, malo a m'kati mwa Algoa Bay, koma mphepo ikachokera kum'mawa nakonso madzi amawinduka.

Nkhani ya chovala chosambirira cha labala, chimene amachitcha wetsuit, isanyozedwe. Malamulo a Ironman amalola chovalachi madzi akakhala pa madigiri 24.5 kapena kutsika, ndipo chimakhala chokakamiza akatsika kupitirira 16. Sichiyenera kupitirira mamilimita 5 kukhuthala kwake. M'mipikisano yonse iwiriyi madzi nthawi zambiri amakhala ozizira moti chimaloledwa, ndipo a ku Gqeberha amazizira kuposa a ku Durban. Chimathandiza kwambiri wosambira wofooka chifukwa chimakweza chiuno ndi miyendo. Koma munthu amene wazolowera madzi ofunda a ku Nkhotakota akachivala koyamba tsiku la mpikisano amamva ngati wamangidwa pachifuwa, amapuma mofulumira, mantha n'kumugwira asanathe mamita 200. Chivalidwe kasanu kapena kasanu ndi kamodzi m'madzi enieni musananyamuke, m'mamawa kusanatenthe, ndipo pakhosi ndi m'khwapa muzipaka mafuta oletsa kunyuka. Ngati n'chobwereka, onetsetsani kuti sichikulowetsa madzi pakhosi, chifukwa chachikulu chimadzaza madzi n'kumakukokerani m'mbuyo.

Tsopano mwezi. Mpikisano wa ku Gqeberha umachitika cha mu Malichi kapena Epulo. Ndiye kuti masabata olemera a kukonzekera, aja ofunika kukhala panjinga maola asanu kapena asanu ndi limodzi, amagwera mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ili pachimake. Misewu imadzaza matope ndi mchenga wokokoloka, maenje amabisala m'madzi, tcheni chimatha msanga, ndipo kwa ambiri imeneyi ndi nyengo ya kumunda ndi kuzigafa. Wa ku Durban umachitika cha mu Juni. Masabata ake olemera ndi a Epulo ndi Meyi: mvula yaleka, dzuwa silinafike poopsa, ndipo nyanja yathu imakhala isanavutitsitse ndi mwera umene umalimba kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Mwera woyambirira wa mu Meyi ndi mphunzitsi wabwino wa mafunde, bola pakhale bwato lokutsatirani. Chovuta cha miyezi imeneyi ndi mathiraki a fodya opita kumsika wa Chinkhoma. Panjinga muzinyamuka kukangocha, mutavala zowala, ndipo tsiku la ulendo wautali likhale Lamulungu.

Panjinga, anthu ambiri amangofunsa kuti "kodi kuli mapiri?" Funso limeneli ndi losakwanira. Njira ya ku Durban imatsata msewu wa M4 kulowera kumpoto m'mbali mwa nyanja, ndipo ndi ya zitunda zing'onozing'ono zokwera n'kutsika, zofanana ndithu ndi zimene M1 imachita kuchoka pa Kasungu kulowera ku Jenda. Munthu wa kuno sangaone chachilendo. Ku Gqeberha zitunda ziliponso, koma chimene chimathyola anthu ndi mphepo, yomwe mzindawu umadziwika nayo, komanso tala wokhakhala amene amagwedeza manja ndi msana kwa maola. Mphepo ya m'mphepete mwa nyanja ndi yolemera kuposa ya kuno kumtunda kwa mamita opitirira 1,000, chifukwa mpweya wa kumunsi ndi wothithikana. Chitunda chimatha ndipo mumapumula potsika. Mphepo yochokera kutsogolo ikhoza kukhala nanu makilomita 40 osakupatsani mpata.

Tiwerengetsere. Pa theka, kusambira ndi kupalasa pamodzi kumayenera kutha pasanakwane maola asanu ndi theka, ndipo mpikisano wonse maola asanu ndi atatu ndi theka. Mukasambira mphindi 50 n'kutaya mphindi 8 posintha zovala, mumatsala ndi maola anayi ndi theka a makilomita 90, kutanthauza liwiro la makilomita 20 pa ola. Pa wathunthu malire ofala ndi maola 10 ndi theka a magawo awiriwo, ndi maola 17 a zonse. Mukasambira ola limodzi ndi mphindi 40 n'kusintha mphindi 10, liwiro lofunika ndi pafupifupi makilomita 21 pa ola kwa maola opitirira asanu ndi atatu, kuphatikizapo kuima, kuphulika kwa tayala ndi mphepo. Manambala enieni a chaka chimenecho amalembedwa m'kabuku ka opikisana kamene amakatulutsa pa intaneti, ndipo mumapezekanso malo a pakati pa njira amene muyenera kudutsa nthawi yake isanakwane. Ena amene amatsitsidwa panjinga amagwidwa ndi malire a pakatiwa chifukwa sanawawerenge.

Njinga yodula ya triathlon siyofunika. Ya mpikisano wamba wa pamsewu ikukwana, bola ikhale ya msinkhu wanu. Magiya akhale ndi popumira: kutsogolo mano 50 ndi 34, kumbuyo kuyambira 11 mpaka 32, kuti pa chitunda muzizunguza miyendo mopepuka m'malo mokankha, chifukwa kukankha giya lolemera kumatopetsa minofu imene mudzaifune pothamanga. Matayala a mamilimita 28 amameza kukhakhala kwa msewu kuposa a 23. Nyamulani machubu awiri, pampu yaing'ono ndi zitsulo zochotsera tayala, ndipo muziphunzire kusintha chubu nokha m'mphindi zosakwana 10, popeza thandizo la mnzanu kapena wachibale n'loletsedwa. Lamulo lina limene limadabwitsa ozolowera kupalasa m'gulu n'lakuti simuloledwa kubisala kumbuyo kwa mnzanu. Pamafunika mpata wa mamita 12, ndipo oyang'anira oyenda pa njinga zamoto amapereka chilango cha nthawi. Choncho maulendo aatali okonzekera muzipalasa nokha, mphepo ikukumenyani.

Kuthamanga kwa m'malo onse awiri n'kokoma. Ku Durban mumathamanga pa njira yosalala ya m'mbali mwa gombe, yopanda chitunda chodandaulitsa, nyengo yachisanu ya kumeneko yomwe siizizira kwenikweni. Ku Gqeberha mumazungulira kangapo pa Marine Drive pakati pa chinamtindi cha anthu ochemerera, ndipo pa ichi mpikisanowu ulibe mnzake mu Africa muno. Si pachabe kuti mu 2018 mzindawu unachititsa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa 70.3. Njira yozungulira ndi yabwino kwa woyamba: malo a madzi ndi chakudya amabwera pafupipafupi, ndipo abale anu amakuonani kangapo.

Pa zimene mumalandira pa ndalama yanu, Ironman imagwira ntchito yooneka. Misewu amaitseka kapena kuilondera, m'madzi mumakhala opulumutsa anthu, amalowetsa osambira pang'onopang'ono m'malo mowatulutsa onse nthawi imodzi, ndipo malo a chakudya amakhala okwanira. Chotidandaulitsa ndi zolipira zobisika kuseri kwa mtengo wolembetsera. Mtengowo umakwera malo akamatha, pamafunikanso laisensi ya bungwe la triathlon, malo ogona pafupi ndi gombe amadula sabata imeneyo, ndipo njinga pandege imafuna bokosi lake ndi malipiro ake. Kwa Mmalawi wofunafuna ndalama zakunja, zonsezi ziwerengedwe pamodzi musanadine batani lolipira. Durban apanso ikupambana pang'ono: simufunika masiku ambiri ogona, ndipo kuchoka ku Johannesburg n'kosavuta kufikako. Fikani masiku atatu mpikisano usanachitike kuti mulawe madzi amchere ndi kumanga njinga mosathamanga.

Chakudya cha pa mpikisano sichikhala chimene mimba yanu idazolowera. Thupi limafuna magalamu 60 mpaka 90 a chakudya chopatsa mphamvu pa ola, ndi madzi pafupifupi theka la lita kapena kuposerapo pang'ono malinga ndi kutentha. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 25 a chakudya chimenechi. Pa maola asanu ndi awiri a ku Durban, nthochi, chakumwa chotsekemera chothira kamchere ndi timapaketi tingapo ta shuga wamadzi zikhoza kukufikitsani ngakhale mutalakwitsa pang'ono. Pa maola 15 a ku Gqeberha kulakwitsa kwa ola lachitatu kumaonekera ola la khumi, mimba ikatseka n'kukana chilichonse. Zimene mudzadye kumeneko muziyesere kuno pa maulendo aatali, pa ola lomwelo ndi muyeso womwewo.

Palinso 70.3 ya ku Mossel Bay cha mu Novembala. Njinga yake ndi ya zitunda zambiri ndipo kukonzekera kwake kumagwera m'dzuwa la Okutobala, choncho sitiiika patsogolo kwa woyamba.

Gqeberha tikuisiyira amene wamaliza kale theka ali ndi mphamvu zotsala, amene angathe kusambira katatu pa sabata, ndiponso ali ndi chopalasira m'nyumba cha masiku a mvula. Wolingalira za Durban adziyese motere kutatsala masabata asanu ndi atatu: asambire mamita 1,900 m'nyanja osagwira bwato, m'mphindi zosakwana 55, atavala wetsuit. Tsiku lotsatira apalase makilomita 80 yekha pa liwiro losachepera makilomita 23 pa ola, atsike, avale nsapato n'kuthamanga mphindi 40 osayenda. Chikamukanika ndi kusambira, masabata otsalawo awathere m'madzi ngakhale njinga itachepa. Ndipo akamaliza nyengo yosambira m'nyanja apite kuchipatala akayezetse likodzo.