setfdprm pakutha pa miyezi yambiri: ikadali yodalirika pa madisiki a Akai

Kuyambira chaka chatha ndakhala ndikukopera madisiki akale a floppy a sampler (chipangizo chojambula ndi kuseweranso mawu poimba nyimbo) ya Akai S1000, ndipo chida chimene sichinandikhumudwitse ndi setfdprm, kapulogalamu ka mu fdutils, gulu la mapulogalamu a floppy a pa Linux la Alain Knaff. Ntchito yake ndi imodzi basi: kuuza Linux mmene disiki yomwe ili mu drive ya floppy (/dev/fd0) inakonzedwera.

Disiki wamba ya 1.44MB imakhala ndi ma track (mizere yozungulira) 80 mbali iliyonse, ma sector (zigawo) 18 pa track, sector iliyonse ya mabayiti 512. Ya Akai ndi yosiyana. Ya HD (yosunga zambiri) ili ndi ma sector 10 a mabayiti 1024 pa track, ya DD (yosunga zochepa) ili ndi 5. Mukaiika osauza kompyuta chilichonse, imangolira n'kunena kuti yalephera kuwerenga, munthu n'kuganiza kuti disiki yafa pomwe ili bwinobwino. Mzere umene ndimalemba ndi uwu:

setfdprm /dev/fd0 hd sect=10 ssize=1024 cyl=80

Ndikatero ndimayang'ana ndi getfdprm, kapulogalamu kena ka mu fdutils, ngati zalowa, kenako ndimakopera ndi ddrescue, pulogalamu yokopera disiki yonse mu fayilo. Fayilo yathunthu ya HD imakwana mabayiti 1,638,400, ndipo ikachepera ndimadziwa kuti pena pake pasiyidwa.

Chomwe chimafuna kuzolowera n'chakuti mukatulutsa disiki, zomwe munaikazo zimafufutika. Pa mulu wa madisiki a mtundu umodzi ndimawonjezera -p pa mzere uja kuti zikhazikike, ndipo ndikamaliza ndimachotsa ndi -c. Musaiwale -c ameneyu, apo ayi disiki wamba ya DOS yotsatira idzakanika popanda chifukwa chooneka. Khalidwe limeneli ndalikonda m'kupita kwa nthawi, chifukwa palibe chimene kapulogalamuka kamachita mseri.

Vuto lalikulu lili pa makina. setfdprm imalankhula ndi controller (kachipangizo koyendetsa drive) ya floppy ya pa motherboard, ya chingwe cha mapini 34. Drive ya USB Linux amaiona ngati /dev/sdb kapena zotero, ndipo malamulowa sagwirako n'komwe. N'chifukwa chake ndikusungabe kompyuta yakale pakona, ya ntchito imeneyi yokha. Nayo controller ili ndi polekezera: madisiki a kompyuta za Amiga siingawawerenge ngakhale mutasintha manambala chotani. Pamenepo mpofunika Greaseweazle, kachipangizo ka Keir Fraser kamene kamawerenga maginito a disiki mwachindunji.

Nkhawa yanga ili pa zam'tsogolo. Sony inasiya kupanga ma floppy mu 2011, ndipo mu 2019 driver (pulogalamu yoyendetsa drive) ya floppy mu Linux inakhalako kanthawi yopanda woisamalira, mpaka Denis Efremov anaitenga. Madisiki nawonso akutha ndi nkhungu. Ngati muli ndi nyimbo kapena mawu a sampler pa madisiki otere, ndipo kompyuta ya mapini 34 ikadayakabe, ikani fdutils muyambe kukopera mwezi uno, ndipo muzipukuta mitu ya drive ndi isopropyl mukangowerenga disiki yamawanga.