Kugona ku Mbeya kapena ku Matema?

Ukachoka ku Blantyre pa basi kupita ku Tanzania, pofika pa Songwe msana umakhala utauma. Ndiye ukagone kuti? Anzathu a ku Limbe okaoda katundu saganiza kawiri, amangopitirira mpaka ku Mbeya. Kumeneko mahotela ndi mbwee, mabanki alipo, mabasi a ku Dar es Salaam savuta, sitima ya TAZARA nayo imaima pomwepo. Koma kumazizira ngati ku Dedza, pakuti mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, ndipo phokoso lake n'chimodzimodzi la pa Wenela.

Ine ndinakhotera ku Matema, kumapeto kwenikweni kwa nyanja yathu yomweyi, imene eni dziko amati Nyasa. Ukadutsa Kyela, kwawo kwa mpunga wonunkhira uja, umakafika pa kahotela ka zipinda zowerengeka, mchenga uli pakhomo penipeni, mapiri a Livingstone atatsamira m'madzi chakum'mawa. Usiku magetsi atazima, mtsikana wapamalopo anabwera ndi kandulo pa sosala, nsomba yowotcha ndi mpunga wotentha. Kunja kunangoti zii, kupatula mafunde ndi asodzi okankha mabwato.

Zowawa zake zilipo. Mashilingi utengeretu m'thumba, netiweki ndinkachita kuisaka pansi pa mtengo wa mango, ndipo udzudzu wake ulibe manyazi. Ndinaiwalanso kuti wotchi yawo ili patsogolo ndi ola limodzi, basi ya m'mawa n'kundisiya ndikupemerera tiyi.

Wothamangira katundu agone ku Mbeya. Ine ndikadzapitanso, ndi masiku awiri ku Matema.