Ndemanga yanga pa ma DVD a katuni ya Princess Sarah

Ma DVD awa ndinagula miyezi iwiri yapitayo, ndipo sabata yathayi ndi pamene ine ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 9 tamaliza magawo onse 46. Tinkaonera gawo limodzi madzulo tikatha kudya, Loweruka awiri. Gawo lililonse ndi la mphindi pafupifupi 24, ndiye silichedwetsa mwana kukagona. Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5.

Nyenyezi imodziyo ndachotsa chifukwa cha katundu amene ndinalandira. Chimbale chachinayi chinafika chokandika, ndipo magawo awiri ankadumphadumpha mpaka tinachita kubwezera kangapo. Ndinamulembera wogulitsa kawiri, sanandiyankhe. Chinanso, anthu a m'katuniyi amalankhula Chijapanizi, Chingerezi chimangolembedwa pansi, ndipo chimathamanga kwambiri kwa mwana wa Sitandade 4. Ndinkawerenga ndine, n'kumamufotokozera m'Chichewa. Chithunzi nachonso ndi chakale, sichidzaza TV zamakonozi, m'mbalimu mumatsala mwakuda. Izi ndinazizolowera tsiku lachiwiri lomwe.

Katuniyi inapangidwa ku Japan ndi kampani ya Nippon Animation, ndipo inaonetsedwa koyamba pa Fuji TV mu 1985. Ili m'gulu la World Masterpiece Theater, momwe ankatenga mabuku akale otchuka n'kuwajambula pang'onopang'ono kwa chaka chathunthu. Iyi inachokera m'buku la Frances Hodgson Burnett la mu 1905, A Little Princess. Sarah Crewe ndi mwana wa munthu wolemera amene anakulira ku India, mayi ake anamwalira kale. Bambo ake anamusiya pa sukulu yogonera komweko ya Miss Minchin ku London, komwe anali ndi chipinda chakechake, wantchito wake, ngolo yake ndi chidole chake Emily. Tsiku lokumbukira kubadwa kwake, phwando lili mkati, kunabwera uthenga woti bambo ake amwalira ndipo chuma chonse chathera m'migodi ya dayamondi. Tsiku lomwelo anamuvula zovala zabwino, n'kumupatsa kachipinda kozizira ka kudenga, ndipo anasanduka wantchito wa pa sukulu yomweyo.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti ojambulawa sathamangira kumupulumutsa mwanayu. Amakuonetsa ntchito yeniyeniyo mmene ilili. Ukumuona akusenda mbatatesi mulu wonse, akukolopa masitepe chogwada, akunyamula malasha kukwera nawo m'zipinda za ana omwe dzulo lomweli anali anzake. Akumutuma kumsika mvula ikugwa, nsapato zitang'ambika, pobwera n'kumumana chakudya chifukwa wachedwa. Zimatenga magawo ambiri ndithu, mwina opitirira theka la katuni yonse. Mwana wanga analira kangapo, ndipo usiku wina anakana kuonera, amvekere, "Amayi, lero ayi, mtima ukundiwawa." Ndinamusiya. Mawa lake anayatsa TV yekha.

Gawo limene sindidzaliiwala ndi la ku bekale. Sarah ali ndi njala yoopsa, watola kandalama m'matope. Asanagule kanthu akuyamba wafunsa mayi wogulitsa buledi ngati ndalamayo ili yawo. Mayi aja akumupatsa mabanzi otentha, koma panja pali kamtsikana kena kopemphetsa, kanjala kuposa iye. Sarah akukapatsa pafupifupi onse, iye n'kutsala ndi limodzi. Palibe amene akulalikira pamenepo. Ukungoona manja ake akutulutsa banzi lina, kenako lina. Mwana wanga anawerenga nawo mokweza.

Koma kwathu kuno amene tinamukamba kwambiri ndi Becky, kamtsikana ka ntchito ya kukhitchini kogona chipinda choyandikana ndi Sarah. Iyeyu sanagwe kuchoka pamwamba, anabadwira mu umphawi momwemo, ndipo anabwera kudzagwira ntchito kuti athandize kwawo. Tili cha pakati pa nkhani, mwana wanga anandifunsa kuti, "Amayi, nanga bwanji aliyense akumumvera chisoni Sarah yekha, pomwe Becky wakhala akuvutika kuyambira kale?" Ndinakhala chete kanthawi. Ine ndinakulira kwa achibale bambo anga atamwalira, ndipo ndimadziwa kudzuka mbandakucha kukoleza moto wa madzi osamba a ana anzako omwe akupita kusukulu iwe ukutsala. Ndinali ndisanamuuzepo mwana wanga zimenezi. Usiku umenewo ndinamuuza, ndipo anamvetsera mpaka mapeto osandidula mawu.

N'chifukwa chake mathero ake sanandikhutiritse kwenikweni. Mnzawo wa bambo ake a Sarah, Mr Carrisford, amene anali kumufunafuna nthawi yonseyi, akupezeka kuti amakhala nyumba yoyandikana ndi sukuluyo, ndipo migodi ija inali ndi dayamondi ndithu. Sarah akukhalanso wolemera kuposa kale, akukhululukira Miss Minchin, ndipo akutenga Becky. Ndinasangalala naye, misozi inatsika ndithu. Komabe chimene chamuchotsa m'mavuto ndi chuma cha bambo ake chimene chabwerera, ndipo Becky wapulumuka chifukwa chokha chakuti anali mnzake wa mwana wolemera. Pakanapanda dayamondi uja, onse awiri akanakhalabe kudenga kuja. Izi zinachokera m'buku lenilenilo, si mlandu wa ojambula, koma makolo muyenera kukonzeka kukambirana nazo ndi ana, chifukwa mwana wochenjera aziona.

Nkhanza za Lavinia, mtsikana wansanje wa pa sukulupo, nthawi zina zimabwerezedwa mpaka kutopetsa. Magawo atatu kapena anayi akanatha kuwachotsa osaononga kanthu. Koma zojambula za London wa m'nyengo yozizira, chifunga, nyali za mumsewu ndi madenga okutidwa ndi chipale, n'zokongola kwambiri, ndipo nyimbo zake n'zofatsa, sizisokosera m'nyumba.

Kwa mwana wosakwana zaka 7 ndikuona kuti n'zolemera, makamaka magawo a imfa ya bambo ndi a kudwala kwa Sarah. Kuyambira zaka 8 kupita m'tsogolo n'zabwino, bola wamkulu akhale pambali. Mukamagula, funsitsani chilankhulo chake ndipo yesani zimbale zonse tsiku lomwe mwalandira, musadikire kufika pa chachinayi ngati ine. Ife tayamba kale kufunafuna Anne of Green Gables ya mu 1979 ya kampani yomweyi, koma mwana wanga wati tisanaipeze tibwereze kaye gawo la mabanzi lija.