Nitrofix pa soya wanga ku Mitundu: chaka choyamba ndinasangalala, chachiwiri ndinapsa mtima

Ndinapita mu shopu ya zaulimi ku Old Town kukagula mbewu ya soya ya Tikolore basi. Mnyamata wa pakauntala anandiikira pambali pake kapaketi ka Nitrofix, ufa wakuda ngati makala osinja wothira pa mbewu ya soya, nati, "Bambo, mutengenso aka." Ndinaganiza kuti akufuna kungondidyera ndalama. Koma mtengo wake unali wochepa kuposa kambale ka feteleza koyezera pamsika, ndiye ndinatenga.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta, koma kamafuna ulemu. Mumasungunula shuga pang'ono m'madzi, kuwaza pa mbewu kuti inyowe chabe, kenako kuthira ufawo n'kusakaniza mpaka njere iliyonse itada. Zonsezi pamthunzi, ndipo mbewuyo mubzale tsiku lomwelo. Ine ndinachitira pansi pa mango, m'beseni la mayi a kunyumba, zomwe sanakondwere nazo. Mizere isanu ya kumalire ndinaisiya dala yopanda mankhwalawo.

Soya atayamba maluwa ndinazula tsinde limodzi uku, lina uko. Lothira Nitrofix mizu yake inali yodzaza timibulu, ndipo ndikakanikiza kamodzi ndi chikhadabo mkati munali mofiirira ngati nyama. Mlangizi wathu anati kufiirako ndiye chizindikiro choti tizilombo ta rhizobium tikugwira ntchito, kukoka nayitrojeni mu mpweya n'kudyetsa mbewu. La kumalire linali ndi timibulu towerengeka, masamba ake otuwirako. Pokolola kusiyana kunkaoneka ndi maso.

Vuto linali apongozi anga. Atamva kuti ndathira "tizilombo ta ku labu" pa mbewu, anakana kuti mdzukulu wawo adye phala la soya ameneyo. "Zimenezo ndi za GMO, mwana wanga." Ndinawafotokozera kuti tizilomboti timakhala m'nthaka kale, amangotichulukitsa, mbewu siisinthidwa chilichonse, pomwe GMO ndi mbewu yosinthidwa chibadwa chake ku labu. Sindinawaseke. Iwo akukumbukira njala ya 2002, pamene chimanga chothandizira cha GMO chinabwera boma n'kunena kuti chiyambe chagayidwa kuti anthu asachibzale, Zambia n'kuchikaniratu. Mawu akuti GMO anawalowa m'khutu nthawi imeneyo, ndipo palibe anabweranso kudzamaliza nkhaniyo. Chaka chomwecho dziko lino linapanga lamulo la Biosafety loyang'anira za GMO, thonje la Bt, la GMO lodziteteza ku mbozi, analiyesa pa Bunda pompa kuyambira 2013, ndipo pano likulimidwa. Bunda ili pafupi ndi kwathu moti njinga imafika, koma apongozi sanamvepo zonsezo.

Apa ndi pamene ndimadandaula ndi anthu amene amalankhulira sayansi yotereyi kuboma. Misonkhano yawo timaionera pa TV, m'mahotela a ku City Centre, mabotolo a madzi patebulo, Chingerezi chokhachokha. Mwina malamulo amasinthadi kumeneko, sindikukana. Koma amene anandithandiza ine kumvetsa za Nitrofix ndi mnyamata wa pakauntala uja, mphindi zisanu, ndi cholembera pa chikatoni.

Chaka chachiwiri ndinachita ulesi wopita mtauni, ndinagula pa shopu ina ya pa trading centre. Mapaketi anali pashelefu ya pawindo, dzuwa la Novembala likuwaomba, denga la malata pamwamba. Ndinafunsa ngati sizingaonongeke. Mwini shopu anati, "Amwene, ndi ufa uwu, ungaonongeke bwanji?" Ndinamukhulupirira, chikhalirecho mlangizi anali atanena kale kuti zimenezi n'zamoyo, kutentha kumazipha. Nditazula tsinde, timibulu tinali tochepa, tambiri toyera mkati. Mlandu suli pa mankhwalawo ayi, uli pa wosungayo, ndi ine wogula zinthu ndikuona. Mbewu ya chimanga masiku ano ili ndi kakhadi kokala kuti udziwe ngati ndi yeniyeni. Ndikanakonda olankhulira zimenezi akanamenyeranso nkhondo yoti wogulitsa zinthu zamoyo aziyamba waphunzitsidwa kasungidwe kake, ndipo aziyenderedwa.

Kwa amene mukufuna kuyesa, gulani pamene akusunga pozizira, onani tsiku lothera ntchito, ndipo musaike paketi m'thumba la thalauza ulendo wonse wa minibasi. Chaka chino ndibwereranso ku Old Town. Apongozi andipatsira ndalama ya mapaketi awiri, koma akuti kusakaniza ndikachite ndine, iwo azingoonerera.