Paleti yapulasitiki yoikapo migolo inayi: ndi yabwino, koma osati pa mankhwala alionse

M'magalaja ndi m'mafakitale ang'onoang'ono a ku Graniteside, Workington ndi Southerton mumzinda wa Harare, migolo ya oyilo wakale imangoikidwa pa simenti. Ukadontha, oyiloyo amatsata ngalande mpaka mu mtsinje wa Mukuvisi, nakathera mu Lake Chivero, momwe Harare imatunga madzi akumwa. Paleti yokhala ndi beseni pansi, imene ogulitsa amaitcha spill pallet, inapangidwira vuto limeneli, ndipo pa ntchito yake ndi yodalirika.

Ndi ya pulasitiki wolimba wa polyethylene. Pamwamba pali sefa yochotseka imene migolo imakhalapo, pansi pali beseni lolandira zodontha. Musanalipire, onani kukula kwa besenilo. Liyenera kulandira 110 peresenti ya mgolo waukulu kwambiri, ndiye pa mgolo wa malita 210 lisachepere malita 231. Mapaleti aafupi, osavuta kukwezapo mgolo, ambiri safika pamenepo. Onaninso kulemera kumene imapirira, chifukwa migolo inayi yodzaza oyilo ndi makilogalamu pafupifupi 800.

Pa oyilo wakale, asidi wa batire ndi kositiki soda, pulasitikiyu sadyeka ngati chitsulo. Koma pa petulo ndi thinala sitikukulangizani kugula. Moto ukabuka amasungunuka, zonse n'kumwazika, komanso salola kuti magetsi a static obwera pothira mafutawo alowe m'nthaka. Pamenepo pafunika yachitsulo yolumikizidwa ndi waya wa earth.

Cholakwa chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri n'chosakaniza. Beseni ndi limodzi, choncho chodontha mu mgolo uwu chimakumana ndi cha mgolo uwo. Asidi akakumana ndi bulitchi patuluka mpweya wa chlorine, wowononga mapapo. HTH, mankhwala a chlorine othira m'maiwe osambiramo, akakhudzana ndi brake fluid amayaka yekha. Werengani gawo 7 ndi 10 pa SDS (chikalata cha chitetezo chochokera kwa opanga) ya mankhwala alionse musanawaike pamodzi, ndipo mgolo uliwonse ulembedwe dzina ndi tsiku.

Kenako mvula. Kuyambira Novembala mpaka Malichi, paleti yosiyidwa panja imadzaza madzi, ndipo mgolo ukaboka palibenso malo olandirira. Ena amamasula chitsekerero cha pansi kuti madziwo atuluke, n'kuiwala kubwezerapo. Paletiyo yasanduka tebulo chabe. Iikeni pansi pa denga, pamalo athyathyathya, kutali ndi powotcherera zitsulo. Dzuwa nalonso limaumitsa pulasitiki mpaka kung'aluka, ndiye sabata iliyonse nyamulani sefa muunike m'makona.

Zimene mwapopa m'besenimo, pamodzi ndi mchenga ndi nsanza zopukutira, ndi zinyalala zoopsa. Zitsekereni mu mgolo wapadera, muzipereke kwa wotenga zinyalala amene ali ndi laisensi ya EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe ku Zimbabwe, ndipo musunge pepala lake. Pa asidi gwiritsani mchenga wouma, osati utuchi.