Bainokyula ya 8x42, ndaiyesa pa fumbi ndi pa mvula ku Mfuwe

Kwa amene mukufunsa ngati bainokyula ya 8x42 (yokulitsa ka 8, magalasi a kutsogolo otakata 42mm) ingakwane kuonera mbalame ku paki ya South Luangwa, ine ndikuti gulani chabe. Yanga ndinagula mu shopu ina muno mu Chipata ndipo yaona nyengo zonse pa matamanda aja amatsala Luangwa akasintha njira.

Nthawi yotentha, Seputembala mpaka Okutobala, madzi akaphwa mbalame zonse zimaunjikana pa thamanda limodzi, akakowa, a nantchengwa, a vuwo kulimbirana nsomba zotsekeredwa m'matope, pamwamba nkhwazi ikulira, ija ili pa mbendera yathu ya Zambia. Apa mpamene yokulitsa ka 8 imaposa yokulitsa ka 10, chifukwa imaonetsa malo otakata ndipo manja akanjenjemera chithunzi sichigwedera kwambiri, ya 10x ya mlamu wanga ndinaigwirako koma mbalame ikangouluka basi wayitaya. Ma carmine (mbalame zodya njuchi) ofiira aja amene amakumba mauna m'gombe la mtsinje miyezi imeneyi, abale, ndinawaona mpaka mtundu wobiriwira wa kumutu, zinandikhudza mtima zoona.

Vuto ndi fumbi. Kawilo kosinthira kuti uone bwino kanayamba kulimba, kumalira ngati muli mchenga, ndiye muziyisunga m'kachikwama kake mukakhala pa galimoto, msewu wa mu paki si wamasewera. Galasi musapukute ndi malaya, uzirani kaye fumbi lichoke kenako kansalu kofewa.

Dzinja ndi lomwe ndinkaopa. Disembala mpaka Malichi chinyezi chimachuluka, zotchipa zambiri zimachita nthunzi mkati, koma iyi ayi, olo mvula inandipeza panja mkati munali mbee. Ndipo magalasi a 42mm amalowetsa kuwala kokwanira, mmamawa kuli mitambo ndimaonabe atchete akuluka zisa m'mabango, komanso mbalame zobwera kuchokera ku Europe zimene zimakhala kuno nthawi ya mvula yokha. Paki imeneyi ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 400, anthu ambiri amangothamangira mikango ndi akambuku, zimandiwawa ine.

Chimene sindinakonde ndi lamba wake, ndi woonda, amacheka khosi ukatuluka thukuta, ndipo tizivindikiro ta kutsogolo timagwa tokha. Lamba ndinapereka kwa telala wa pa msika wa Kapata andisokere wina wotakata, tizivindikiro mumangirire ndi ulusi musanachoke pakhomo.